CIMBALE CA MASEWERA CIKAKANDIKA, KODI MUNAGULA CIANI?

Nkhani yathu ya lero iri ya kanthu kakang'ono konyezimira kamene ana athu amakadziwa koposa ife akuru, ndico cimbale ca masewera a pa kanema, amene anyamata amangowachula kuti magemu. Ena mwa inu mudzati, "Izi nza ana, ife zitikhudza bwanji?" Mverani kufikira kumapeto, pakuti mlandu umene uli m'kacimbale aka ngwa munthu ali yense wogula foni, kompyuta kapena nyimbo masiku ano. Mlanduwo ndi uwu: pamene mwapereka ndalama zanu m'sitolo, kodi cimene mwagula nciani?

Tiyambire ku Chipata, osati mzinda wa kum'mawa uja kale unali Fort Jameson, koma komboni ya Chipata ya kumpoto kwa Lusaka, m'dera la Mandevu. Kumeneko, monganso ku Kanyama, ku Matero, ku Chawama ndi ku George, mudzapeza timasitolo ta cipinda cimodzi, momwe muli mipando, makanema awiri kapena atatu ndi makina a PlayStation. Ana ndi anyamata amalipira tindalama pang'ono kuti asewere mpira wa pa kanema kwa mphindi zowerengeka. Kwa mwini wace kasitolo kotere ndiwo munda, pakuti lendi, ufa ndi zobvala za ana zimacokera momwemo.

Tsono tiyerekeze kuti mmodzi wa eni timasitoloti wasunga ndalama miyezi ingapo, nagula cimbale ceniceni ca m'bokosi lace, cosakhala cokopera. Patapita milungu yowerengeka mwana wina wagwedeza makina cimbale ciri kuzungulira, ndipo pansi pace pakandika. Makina akana kuciwerenga. Mwini apita naco kumene anagula, ndipo amuyankha kuti, "Mwaciononga nokha, bambo, gulani cina." Pobwerera kunyumba atsegula kapepala ka m'bokosi kamene sanakawerengepo ndi kale lonse, napeza mau a Cingerezi onena kuti masewerawo sanagulitsidwe kwa iye iai, koma iye wangopatsidwa laisensi, ndiko kuti cilolezo ca kuwagwiritsa nchito. Funso lathu liri pomwepa. Ngati cimene anagula ndico cilolezo, kodi cilolezoco cakandika pamodzi ndi pulasitiki?

MMENE CIMBALE CIGWIRIRA NCHITO

Poyamba tidziwe cimbale comwe. Cimbale cochedwa CD cinaturuka m'caka ca 1982, ndipo anacikonza ndiwo makampani awiri, Philips ya ku Netherlands ndi Sony ya ku Japan. M'mimba mwace ndi masentimita 12, kucindikala kwace milimita 1.2. M'kati mwa pulasitiki muli kakhungu kopyapyala ka citsulo conyezimira, ndipo pamenepo padindidwa timaenje tosaoneka ndi maso, tondandalikidwa mu mzere umodzi wopota kuyambira pakati kunka kunja. Mzerewo mutautambasula ungapitirire makilomita 5. Palibe singano yokhudza cimbale monga zinaliri pa galamafoni. Makina amawalitsa kuunika kwakuthwa kochedwa laser, ndipo kuunikako pobwerera kumauza makina pamene pali dzenje ndi pamene palibe.

Kukandika kumasokeretsa kuunika kumeneku, koma si kukandika konse kumene kuli koopsya. Amisiri anaikamo zizindikiro zoonjezera, kotero kuti makina akaphonya pang'ono amatha kukonza okha. Kukandika kocokera pakati kunka kumphepete kumadula mzere uja pang'ono pokha pa kuzungulira kuli konse, ndipo makina amalumpha. Koma kukandika kozungulira, kotsata mzere, kumafafaniza gawo lalitali nthawi imodzi, ndipo apo makina amalephera. Ncifukwa cace popukuta cimbale muzigwiritsa kansaru kofewa, kucokera pakati kunka kunja, osazunguliza iai.

Pa CD kakhungu konyezimira kali pafupi ndi mbali yolembedwa dzina, motero kukanda pamwamba kuli koipa koposa kukanda pansi. Pa DVD, imene makina a PlayStation 2 ndi Xbox 360 amagwiritsa, kakhunguko kali pakati pa mapulasitiki awiri omatana. Zimbale za mitundu iwiriyi zikakandika pansi pokha, mmisiri wokhala ndi makina opalira angathe kuzisalaza. Zimbale za Blu-ray za makina atsopano zinakutidwa ndi khungu lolimba, sizikandika msanga, koma zikakandika kwambiri kuzikonza nkobvuta, popeza zolembedwa ziri pafupi ndithu ndi pansi.

Gwirani mfundo imodzi apa. Pulasitiki yomwe njochipa. Zimbale zopanda kanthu mumaziona pamsika pa mtengo wocepa. Cimene cikweza mtengo ndizo zolembedwamo, nchito ya anthu amene anapanga masewerawo.

LAISENSI NCIANI?

Liu ili lakuti laisensi si lacilendo kwa anthu a ku Chipata. M'caka ca 1974 Boma linapanga lamulo la nyumba za m'makomboni, ndipo m'zaka zotsatira, ndi ngongole yocokera ku World Bank, makomboni a Chawama, George ndi Chipata anakonzedwa, naikidwamo miseu ndi mipope ya madzi. Anthu amene kale anali kuyesedwa okhala popanda cilolezo anayamba kulandira kwa Khonsolo pepala lochedwa occupancy licence, la zaka 30. Pepalalo silinena kuti nthaka njanu. Linena kuti muli nao ufulu wa kukhala pamalopo, malinga mutsata malamulo ace ndi kulipira msonkho wa malo. Inunso a m'migodi mukumbukira masiku aja nyumba za ZCCM zisanagulitsidwe kwa anchito kumapeto kwa zaka za 1990. Munthu anali kugona m'nyumba ya kampani, koma nchito ikatha makiyi anali kubwerera kwa mwini.

Laisensi ya pulogalamu ya kompyuta iri cimodzimodzi. Masewera a pa kanema ndiwo pulogalamu, ndiko kuti malangizo ambirimbiri olembedwa ndi anthu kuti makina awatsate. Mwini wa malangizowo ndiye amene anawalemba, kapena kampani imene inamlemba nchito, ndipo inu mulandira cilolezo ca kuwagwiritsa.

Mwambo uwu si wakale kwambiri. Kampani ya IBM ya ku America inali kupereka mapulogalamu pamodzi ndi makina ace, popanda mtengo wapadera, kufikira 1969, pamene inayamba kuwalipiritsa paokha. M'caka ca 1976 Bill Gates, ali mnyamata, analemba kalata yapoyera yodandaula kuti ambiri ogwiritsa pulogalamu ya kampani yace anangoikopera kwa anzao osalipira. Kudandaula kwace kunali ndi maziko. Wosula khasu akaligulitsa, khasulo lacoka m'manja mwace, ndipo wogula sangalisandutse makasu 1,000. Koma pulogalamu ingakoperedwe nthawi 1,000, yoyamba iri comweco, yosacepa ndi pang'ono pomwe. Laisensi inapangidwa kuti wolemba asafe ndi njala pamene nchito yace iri kufalikira dziko lonse. Mpaka apa palibe cobvuta.

Koma taonani kusiyana kwace. Ciswe cikadya pepala lanu la Khonsolo, kapena madzi a mvula akalowa m'nyumba nalifafaniza, palibe amene adzabwera kudzati, "Turukani, gulaninso malo." Dzina lanu liri m'buku la Khonsolo, ndipo pepala ndi umboni cabe. Ngati masewera alidi a laisensi, cimbale naco ndi cotengera cabe, monga botolo la mafuta. Cilolezo munalipira kale.

MALILIME AWIRI

Apa mpamene ogula ambiri aona cinyengo. Mukafuna kukopera cimbale canu kuti musunge cina capadera, kampani ikuti, "Iai, masewerawa si anu, muli ndi cilolezo cokha." Cimbale cikasweka, mukapempha cina, kampani yomweyo ikuti, "Munagula katundu, mwamuononga nokha, lipirani mtengo wonse kaciwiri." Pa tsiku limodzi mwakhala wobwereka ndi mwini, monga momwe kukomera wogulitsa. Akuru anati mapanga awiri abvumbwitsa, koma pano wobvumbwa ndiye wogula.

Cilungamo cifuna kuti wogulitsa asankhe cimodzi. Ngati munagula katundu, muli nao ufulu wa mwini katundu: kumbwereketsa, kumgulitsa, kumsiyira ana. Ngati munagula cilolezo, kuonongeka kwa cotengera sikuyenera kuthetsa cilolezoco, ndipo cimbale catsopano muyenera kucilandira pa mtengo wa pulasitiki ndi wa kutumiza.

Makhoti a maiko akutali aweruza mlandu uwu mosiyanasiyana. Kampani yosindikiza mabuku ya Bobbs-Merrill inalemba m'buku lina kuti wina asaligulitse pa mtengo wocepera dola imodzi. Sitolo ya Macy's ya ku New York inaligulitsa masenti 89. M'caka ca 1908 khoti lalikuru la America linagamula kuti wosindikiza akagulitsa buku kamodzi, mphamvu yace pa kugulitsidwanso kwa bukulo yatha. Cigamulo ici ndico cilola anthu kumeneko kugulitsa mabuku akale ndi zimbale zakale kufikira lero.

Koma m'caka ca 2010 khoti la apilo la ku America linaweruza mlandu wa Timothy Vernor, amene anagula zimbale zakale za pulogalamu ya AutoCAD nazigulitsa pa eBay. Oweruza anati popeza kampani ya Autodesk inalemba poyera kuti iri kupereka cilolezo cokha, niletsa kucipatsa wina, zimbalezo sizinagulitsidwe konse, ndipo Vernor analibe ufulu wa kuzigulitsa. Patangopita zaka ziwiri, pa 3 July 2012, khoti lalikuru la European Union ku Luxembourg linaona mlandu wofanana pakati pa makampani a UsedSoft ndi Oracle, ndipo linagamula mosiyana. Linati munthu akalipira mtengo kuti agwiritse pulogalamu kwa nthawi yopanda malire, kumeneko nkugula ndithu, ngakhale pepala lichule dzina lina, ndipo angathe kugulitsa cilolezo cace malinga iye aleka kuigwiritsa. Komabe mu 2024 khoti lalikuru la ku France linati ufulu umenewu sufika pa masewera ogulidwa pa intaneti popanda cimbale. Muone tsono kuti ngakhale oweruza ophunzira sanamvane.

ZIMENE MAKAMPANI ANACITA

Makina a Xbox 360 a kampani ya Microsoft anaturuka mu November 2005, ndipo posacedwa anthu anayamba kudandaula kuti makinawo akagwedezeka cimbale ciri kuzungulira, amacikanda mozungulira. Kampani inayankha kuti inacenjeza anthu kuti asasunthe makina cimbale ciri m'kati. Ogula ena anasuma, ndipo mlandu unafika ku khoti lalikuru la America mu 2017, koma kumeneko oweruza anagamula za kayendetsedwe ka mlandu kokha, osati za kukandika komwe. Pakati apo kampaniyo inakhazikitsa njira yosinthira zimbale za masewera ace: wotumiza cimbale cokandika, nalipira madola 20, anali kulandira catsopano. Ici cinali kubvomereza kuti wogula sayenera kulipira mtengo wonse kawiri. Koma njira yotere inathandiza okhala m'maiko amene kampani iri ndi maofesi. Kwa munthu wa ku Chipata, kutumiza cimbale kutsidya kwa nyanja ndi kudikira yankho kukanadya ndalama ndi nthawi zoposa phindu lace.

Maiko ena analemba m'malamulo ao ufulu wa kusunga cimbale capadera. America inatero mu 1980, ndipo maiko a European Union mu 1991: wogula pulogalamu mwalamulo angathe kukopera kamodzi kuti asunge, kuopa ngozi. Koma opanga makina a masewera anaika maloko, kotero kuti makina amakana cimbale cokopera. Ndipo m'caka ca 1998 America inapanga lamulo lina loletsa kuthyola maloko otere. Motero dzanja limodzi linapereka ufulu, linzace niliulanda. Kacipangizo kochedwa chip, kamene amisiri a m'tauni amaika m'makina kuti alandire zimbale zokopera, ndiko kothyolera loko lomweli.

Nthawi zina ogula akalankhula pamodzi amamveka. Mu June 2013 Microsoft inalengeza kuti makina ace atsopano a Xbox One adzafuna kulumikizidwa pa intaneti kamodzi pa maola 24 ali onse, ndi kuti kubwereketsa ndi kugulitsa zimbale zakale kudzakhala ndi malire. Anthu anakwiya kwambiri, ndipo mwezi womwewo usanathe kampani inabweza mau ace.

LAMULO LA KWATHU

Nanga kuno ku Zambia wogula aima pati? Lamulo loteteza ogula la 2010, lochedwa Competition and Consumer Protection Act, linena zinthu zitatu zoyenera kuzidziwa munthu ali yense. Coyamba, wamalonda sayenera kugulitsa katundu woonongeka kapena wosagwira nchito imene anamgulira, ndipo akatero ayenera kubweza ndalama kapena kupereka katundu wina wabwino. Caciwiri, nkosaloledwa kupacika m'sitolo cikwangwani cokana ufulu wa wogula, monga zija zakuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Cacitatu, pangano lolemera mbali imodzi, lopondereza wogula, silimanga munthu. Bungwe loyang'anira lamuloli ndilo Competition and Consumer Protection Commission, ndipo limalandira madandaulo a anthu wamba.

Koma tisanamizane. Lamulo ili lithandiza munthu amene anagula cimbale ciri coonongeka kale, kapena cosagwirizana ndi zimene wogulitsa analonjeza. Cimbale cimene cinali cabwino, nicikandika m'manja mwanu kapena mwa ana anu, si mlandu wa mwini sitolo, amene nayenso anacigula ndi ndalama zace. Kusalungama kumene tiri kunena sikuli pa iye iai, kuli pa pangano lolembedwa kutali, limene iye ndi inu nonse simunalikambirane.

PAMENE CIMBALE PALIBE

Wina adzati, "Nkhani iyi yatha nchito, pakuti masiku ano masewera amagulidwa pa intaneti, ndipo ca pa intaneti sicikandika." Nzoona, ndipo ubwino ulipo: makina akafa mungathe kukoperanso masewera anu popanda kulipira. Pamenepo makampani acita cimene cilungamo cinafuna. Koma pabuka bvuto lina lalikuru koposa, pakuti tsopano makiyi onse ali m'thumba la kampani.

Masewera a galimoto ochedwa The Crew, a kampani ya Ubisoft ya ku France, anaturuka mu 2014, ndipo sanali kuseweredwa popanda kulumikizana ndi makompyuta a kampaniyo. Pa 31 March 2024 kampani inazima makompyutawo. Kuyambira tsiku limenelo masewerawo anafa kwa onse, ngakhale kwa iwo amene anali ndi zimbale zosalala, zopanda kukandika kuli konse. Ogula ena atasuma ku California, maloya a kampani anayankha kuti anthuwo sanagule masewera, analandira cilolezo cokhala ndi malire. Nkhani iyi inautsa gulu lochedwa Stop Killing Games, limene pofika July 2025 linasonkhanitsa maina oposa 1,000,000 a anthu a ku Europe opempha lamulo loletsa kupha masewera amene anthu analipira. Boma la California nalo linapanga lamulo, loyamba kugwira nchito pa 1 January 2025, lakuti wogulitsa zinthu za pa intaneti asagwiritse liu lakuti "gulani" popanda kuuza munthu poyera kuti iri ndi laisensi cabe.

Ife a kuno nkhani zotere zitipweteka koposa. Mu May 2024 kampani ya Sony inalengeza kuti onse osewera Helldivers 2 pa kompyuta ayenera kulembetsa ku PlayStation Network. Koma pa nthawiyo, kuno kumwera kwa Africa, dziko lokha lololedwa kulembetsa linali South Africa. Masewerawo anacotsedwa pa malonda m'maiko ndi zigawo zoposa 170, ndipo amene anali atagula kale anaopa kutaya ndalama zao. Patapita masiku owerengeka kampani inaleka lamulo la kulembetsa cifukwa ca mkwiyo wa osewera. Onjezani apo mtengo wa mabandulo a intaneti, ndi kuzima kwa magetsi monga kuja kwa 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba. Mwambi uja wakuti fodya wako ndiye ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo, uyenerana ndi katundu wosungidwa m'makompyuta a munthu wina kutsidya kwa nyanja.

MBALI YA OPANGA

Woweruza wabwino amamva mbali zonse ziwiri. Masewera akuru amapangidwa ndi anthu mazana ambiri kwa zaka zingapo, ojambula, oyimba ndi olemba malangizo, ndipo onsewo ali ndi mabanja. Amene akopera zimbale mazanamazana nazigulitsa pamseu sabwezera kanthu kwa anthu amenewa.

Ife tomwe tinalawa kuwawa kwa cinthu ici. M'zaka za 1970 kampani ya Teal inali kudinda zimbale za galamafoni ku Ndola, ndipo oyimba athu monga Paul Ngozi, Keith Mlevhu ndi gulu la WITCH anali kumveka m'nyumba zambiri. Mtengo wa mkuwa utagwa, ndalama zinasowa m'matumba a anthu, makaseti okopera anadzaza misika, ndipo kuciyambi kwa zaka za 1990 kudinda zimbale ku Ndola kunaleka. Lamulo lathu la 1994, lochedwa Copyright and Performance Rights Act, limateteza nyimbo, mabuku, mafilimu ndi mapulogalamu a kompyuta, ndipo mu 2010 linakonzedwanso kuti pa zimbale zenizeni za nyimbo ndi mafilimu pazikhala cizindikiro conyezimira cochedwa hologram. Kugulitsa zimbale zokopera ndi mlandu, ndipo cifukwa cace ncomveka.

Komanso opanga ayenera kuwerenga masamu a m'komboni. Kuyambira 2020 masewera atsopano akuru anayamba kugulitsidwa madola 70. M'miyezi yambiri ya 2024 dola imodzi inali kuposa K25, ndiko kuti cimbale cimodzi cinali kuposa K1,750, msonkho ndi phindu la sitolo zisanaonjezedwe. M'caka comweco malipiro ocepetsetsa a wanchito wa m'nyumba, monga Boma linawaikira, anali K1,300 pa mwezi. Munthu amene wapereka ndalama zoposa malipiro a mwezi wathunthu, nauzidwa kuti aperekenso cifukwa ca kukandika kumodzi, ulendo wotsatira adzapita kwa wokopera. Kuuma mtima kwa wogulitsa kumalanga wokhulupirika ndi kulemeretsa wakuba.

MUYESO WA LAISENSI YOLUNGAMA

Tsono laisensi yolungama tingaidziwe bwanji? Tibwereke muyeso ku pepala lija la Khonsolo. Pepalalo linena nthawi yace, zaka 30, ndipo munthu adziwiratu. Ufulu wace sufa pepala likang'ambika. Mwini nyumba angathe kuigulitsa kapena kuisiyira ana ace potsata njira ya Khonsolo. Laisensi ya masewera iyenera kufanana nalo pa zinthu zinai. Mau ace akhale poyera munthu asanalipire, osati obisika m'bokosi lomata. Cotengera cikaonongeka, cilolezo cikhalebe, ndipo catsopano ciperekedwe pa mtengo wocepa kwa woonetsa cakale. Nthawi yace ichulidwe, ndipo kampani ikatopa ndi masewerawo iwasiye ali otheka kuseweredwa. Ndipo wogula akhale nao ufulu wa kupatsa wina cilolezo cace, iye naleka.

Izi si maloto, pakuti alipo amene acita zoposa apa. M'caka ca 1989 Richard Stallman wa ku America analemba laisensi yochedwa GPL, yolola munthu kugwiritsa pulogalamu, kuikopera, kuisintha ndi kugawira anzace, malinga nayenso apereka ufulu womwewo kwa ena. Linux, imene Linus Torvalds wa ku Finland anayamba mu 1991, imayendera laisensi imeneyi. Mu 2004 Mark Shuttleworth wa ku South Africa anaturutsa mtundu wa Linux naucha Ubuntu, liu lofanana ndi lathu lakuti umunthu, ndipo kufikira 2011 kampani yace inali kutumiza zimbale kwaulere kwa opempha. Pa masewera, sitolo ya pa intaneti ya GOG ya ku Poland, yoyamba mu 2008, imagulitsa masewera opanda maloko, amene wogula angathe kusunga pa makina ace.

MALANGIZO KWA WOGULA

Potsiriza, nazi zoyenera kucita inu amene muli ndi makina otere m'nyumba kapena m'kasitolo. Pogula cimbale, pemphani kuti aciyese pamaso panu, ndipo musacoke opanda lisiti, pakuti popanda ilo mlandu wanu ulibe miyendo. Funsani wogulitsa ngati masewerawo afuna intaneti kuti aseweredwe, ndi ngati cimbaleco cigwirizana ndi makina a dera lathu. Sungani bokosi ndi timapepala tace. Ikani makina pamalo okhazikika, kutali ndi miyendo ya ana, ndipo musawasunthe cimbale ciri m'kati. Gwirani cimbale m'mphepete, mucibwezere m'bokosi mukatha, ndipo mucichinjirize ku dzuwa ndi ku pfumbi la mwezi wa October. Cikakandika musacitaye, pakuti ndico umboni wakuti munalipira. Yambani mwafunsa mmisiri wopalira, ndi kulembera kampani imene inapanga masewerawo. Cikapezeka coonongeka cicokere kusitolo, bwererani naco msanga, ndipo akakana, pitani nalo dandaulo lanu ku bungwe loteteza ogula.

Pamwamba pa zonse, phunzitsani ana kuwerenga asanabvomereze. Tsiku liri lonse zala zathu zimadina pa foni mau akuti tabvomera, ndipo sitidziwa cimene tabvomera. Makolo athu sanali kudinda cala pa pepala la nchito ya mgodi asanamve kwa womasulira kuti malipiro ndi angati, ndi kuti miyezi njingati. Nzeru yomweyo ifunika lero. Wopanga alandire mphotho ya thukuta lace, ndipo wogula asalipire kawiri cinthu cimodzi.